Kanola wa Amake Natércia

Amake Natércia anatisiya kanola wawo atapsa ku dimba. Dzina lawo la ubatizo anali a Inácia, koma ine ndinaleka kuwaitana dzina limenelo tsiku limene anabereka mwana wathu woyamba. Ine ndine Pita, mwamuna wawo, mkamwini wa pamudzi uno kumunsi kwa Lifidzi. Ndinabwera pano mano ali onse, lero ndikutafunira mbali imodzi, koma ndikadali mkamwini. Pa nkhani za mtundu wa akazi anga, mawu anga amabwera pomaliza.

Ndiyambe ndafotokoza za kanolayo, poti ambiri samudziwa. Ndi mbewu ya mafuta ophikira. Masamba ake ali ngati repu, maluwa achikasu, njere zake tating'ono takuda ngati ta mpiru, tokhala m'timakoko towonda. Amene anabwera naye ndi tekiniku wina wa pulojetu, mlangizi wa zaulimi, munthu waulemu woyenda pa mota, njinga yamoto ija, kale ndithu. Anatisonkhanitsa pansi pa mitengo ya pa shikola n'kutigawira mbewu m'timapepala. Anati kuno kwathu kumazizira bwino, mbewuyi ikonda.

Chaka choyambacho tinachita manyazi mudzi wonse. Anthu anabzala monga timabzalira chimanga, kukumba phando ndi khasu, kuponya, kukwirira ndi chidendene. Kanjere kochepa choncho kangatuluke bwanji m'dzenje lotero? Sanamere. Kumene anamerako pang'ono, azimayi ataona masamba anati, "Si repu uyu?" Anayamba kuthyola. Tekiniku pobwera kudzaona munda wa a Vasco, mlongo wawo wa akazi anga, anapeza timitengo tokhatokha taima ngati mano a chipeso. Anamupatsa mpando, n'kumuikira pulojetu yake yomwe m'mbale, yothira matimati. Anadya. Anati ikukoma.

Amake Natércia okha ndi amene anachita zina. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, cha ku Dedza, ndipo iwo ankagwira ganyu pa nazale ya fodya. Ndiye njere zazing'ono sankaziopa. Anasakaniza mbewuyo ndi mchenga wa kumtsinje, analemba mzere ndi chala pamwamba pa nthaka, n'kumawaza, n'kumapukuta ndi dzanja pang'ono chabe ngati akufunditsa khanda. Anamera yense. Tsiku lina ndikudutsa ndinagwira tsamba limodzi, kungoligwira.

"Bambo a Natércia," anatero osatembenuka n'komwe, "mukathyola limenelo mudya ndiwo zopanda mafuta mpaka Natale."

"Ndikungoona ngati kuli nsabwe."

"Nsabwe muzione ndi maso. Chikhadabocho chibwerere m'thumba."

Chiyambire pamenepo tsamba la kanola silinalowepo m'kamwa mwanga iwo ali moyo.

Pulojetu inatha, tekiniku anamusamutsa, ogula amene anatilonjeza anabwera kamodzi osabweranso. Anthu analeka. Akazi anga sanaleke. Anandimangirira saku ya njere pa bisikileta, tinapita ku Vila Ulongwe kwa bambo wina amene ali ndi makina ofinyira mpendadzuwa. Bamboyo anakana poyamba, akuti tinjere timeneti timutsekera makina. Iwo anakhala pansi pakhomo pake, anatambasula miyendo, n'kunena kuti palibe vuto, tidikira. Dzuwa litapendeka anatifinyira, mwina kuti tichoke. Mafuta anatuluka oyera, opanda fungo lolimba, bamboyo mpaka ananyambita chala. Kuyambira apo chaka chilichonse akazi anga ankathira mafutawo m'timagalafa, timabotolo tija, n'kumagulitsa kumsika, pa merikadu, zotsalira zake n'kumapatsa nkhumba. Ankati kugulitsa njere n'kupatsa wina phindu lako, finya wekha. Malata ali pa nyumba ino ndi a kanola. Natércia anamaliza shikola n'kukhala enifirimera, namwino, ku Nampula, nayenso mbali yaikulu ndi kanola. Sitinalemere ayi, koma chimanga chikavuta tinali ndi pogwira.

Mbewu yake m'maloja, masitolo a ku Vila, mulibe. Imene inalipo kuno ndi yokhayo ankasunga iwo. Kanola akamachita maluwa ankayenda m'munda kusankha mitengo yamphamvu, ya nthambi zambiri, n'kuimanga kansanza ka kapulana, chitenje chija. Njere za mitengo yomangidwayo sizinkapita ku makina. Zinali za chaka chamawa.

Chovuta kuno ndi mvula. Ili ndi zaka zake. Zimabwera zonyowa zotsatizana, dimba n'kugona m'madzi mpaka chisanu, kenako zimabwera zouma, kumtunda nthaka n'kulimba ngati njerwa. Kanola madzi oima pamizu sawafuna, amachita chikasu n'kuvunda. Ludzu pa nthawi ya maluwa salifunanso. Ndiye iwo ankamusamutsasamutsa ngati mmene umachitira ndi wodwala, uku dzuwa, uku mthunzi. Chaka chonyowa ankabzala wambiri kumtunda, pa mizere yokwera, mvula ikayamba kupepuka mu Feverero, pamene tazula nyemba. Chaka chouma ankatsikira ku dimba chisanu chikamayamba, n'kukonza timinda tolowa pansi kuti madzi asathawe, n'kuphimbira ndi mapesi.

M'chitsime cha ku dimba muli mwala wofiira wotulukira m'khoma. Pa Natale, Khirisimasi ija, iwo ankapita kukauona. Madzi akaumiza, ankati chaka n'chonyowa. Ukakhala poyera, chouma. Koma mwalawo sankaukhulupirira kwathunthu. Mbewu ankaigawa patatu, ina ya kumtunda, ina ya ku dimba, ina m'galafa yobiriwira imene inkakhala pamwamba pa khoma kufupi ndi denga. Ya m'galafayo sinkakhudzidwa. Chaka china cha mphepo yamkuntho ndinakumba ngalande ku dimba mpaka msana unakana, madzi osachoka, wa kumeneko anavunda yense. Ndinabwera kunyumba matope mpaka m'ntchafu ndikudandaula. Iwo anangoti, "Kasambeni, mawa tikaone kumtunda." Kumtundako kunachita chikasu moti anthu opita ku misa ankaima panjira, njuchi zikulira ngati makina. Zaka zina zinkatembenuka, kumtunda n'kupserera, dimba n'kutipulumutsa. Galafa inali chikhalire pakhoma, kungosintha njere zakale ndi zatsopano.

Pa Natale wa chaka chatha mwala unatinamiza. Madzi anali ataumiza bwinobwino, ndiye tinabzala wambiri kumtunda. Atangomera, mvula inadula. Kumwamba kuli mbee tsiku ndi tsiku, chimanga chinapota masamba ngati anyezi chikumasula kumene, n'kuuma chiimire. Kanola wa kumtunda anapserera asanafike ndi pabondo pomwe.

Chisanu chikuyamba tinatsikira ku dimba. Mbewu ya gawo la kumeneko inali yochepa, inangokwana timinda ta m'mphepete mwa chitsime. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakwera pa mpando, akutsitsa galafa.

"Mukuthira ndi imeneyo?"

"Yonse."

"Si inu munkati imeneyi sikhudzidwa?"

"Chimanga chapita, bambo a Natércia. Tikapanda mafuta ogulitsa, ufa tiugula ndi chiyani? Ndidzabwezera akapsa."

Anaigwedeza galafayo mpaka kanjere komaliza, n'kuibwezera pakhoma ilibe kanthu. Kuchokera tsiku limenelo mbewu yonse ya amake Natércia, ya zaka zonse zimenezi, inali ku dimba kokha.

Tinathirira ndi ndowa, chitsime chikutsika, mpaka ndinalumikiza chingwe. Nsabwe zitabwera anawaza phulusa ndi madzi a sopo. Iwo ankapuma kawirikawiri atagwira m'chiuno, akuti ndi chisanu chalowa m'chifuwa. Kanola anakula bwino kuposa zaka zonse. Anachita maluwa, iwo anamanga nsanza zawo, maluwa anayoyoka, makoko anatuluka. Mu Setembulo kutentha kutayamba tinapita limodzi kukaona. Anathyola kakoko, anakatsegula ndi chikhadabo, anandionetsa padzanja. Njere zina zobiriwira, zina zayamba kuda.

"Mwaona? Zakuda zikaposa zobiriwira, tidule. Uyu si chimanga choti chikudikirani paphesi. Akauma chiimire amathetheka yekha, mphepo ingomukhudza watayika."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani inu, mumangonyamula. Sabata ya mawa."

Sabata ya mawayo sanaifike. Anagwa pabwalo atanyamula ndowa ya nkhumba. Tinawatengera pa mota ku ospitali ku Vila. Anthu a kumeneko anayesetsa, anati ndi mtima. Tsiku lomaliza anatsegula maso n'kundifunsa ngati ndasoka lona, chinsalu chachikulu chija timaumitsirapo. Ndinati ndisoka. Anati, "Mumatero chaka chilichonse." Mawu ena sanalankhulenso.

Za maliro sindilemba zambiri. Anthu anabwera, anaimba, tinaika. Natércia sanabwere. Anali atangochira kumene, pomung'amba, mwana wamkazi, ndipo anamuletsa kukwera mashimbombo, mabasi aja, ulendo wautali choncho bala lisanapole. Ankalira pa telefoni, ine n'kumamuuza kuti akhale, amake sakanafuna kuti ulusi uduke panjira.

Mwambo wa pamudzi pano ndi wotere. Maliro akaikidwa, wamasiye ndi abale a malemu sagwira khasu kapena chikwakwa m'munda wa malemu mpaka tsiku lometa. Amati manja athu amakhala asanayere, chimene takolola chikhoza kudwalitsa wakudya, makamaka ana. Tikameta tsitsi n'kusamba, ndiye tamasuka. Kawirikawiri sizichedwa. Koma a Vasco, amene ndi mwini mbumba, anati kumeta kudikira Natércia.

Ndinawapeza atakhala pakhonde la nyumba yathu, maso ali psuu. Iwo ndi akazi anga anayamwa bere limodzi, anathawa nkhondo limodzi. Musaganize kuti ndi munthu wouma mtima.

"Alamu," ndinatero, "kanola wapsa."

"Ndamva."

"Sadikira."

"Mlongo wanga sanazizire m'manda, inu mutu uli ku mafuta?"

"Si mafuta. Ndi mbewu. Galafa ilibe kanthu, anathira yonse. Akathetheka ameneyu watha, kulibe kwina kokamutenga."

A Vasco anatembenukira kwa ine.

"Ndimete mwana woyamba palibe? Adzandiona bwanji? Amake sanawaike, ndi tsitsi lomwe timumane?"

"Ndiye ndiloleni ndidule ndekha."

"Mukadula inu, mafutawo adya ndani? Mwana wa munthu akadzatupa miyendo adzaloza nyumba iti? Nanga mbewuyo, mudzabzala yokololedwa ndi manja a maliro m'dimba la mbumba yanga?"

"Nanga aganyu?"

"Yesani. Mumupeze amene alowe m'munda wa maliro osameta."

Ndinayesa. Ndinatuma mawu kwa anthu amene ankatigwirira ganyu. Onse anati ali ndi ulendo.

Natércia anaimbanso, kufunsa mmene tikukhalira. Mawu anali pakamwa. Ndinadziwa kuti ndikangomuuza za kanola, mwina anena kuti metani ine ndisanabwere, n'kukhala ndi chimenecho mumtima moyo wake wonse, mwina akwera mawa lomwe ndi bala lake. Anafunsa yekha kuti, "Ababa, ku dimba kwa amama kuli bwanji?" Ndinati kuli bwino, yamwitsa mwana.

Kuona sikuletsedwa, ndiye ndinkapita ku dimba tsiku lililonse. Ndinkaima m'mphepete, manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake kuti lisachite zake. Dzuwa likafika pamutu ndinkamva. Thwa. Kenako kwina, thwa. Kakoko kamang'ambika pakati, njere n'kumwazika, kutsala kakhungu koyera kowala ngati phiko la inswa. Njiwa zinadziwa msanga. Tsiku lina kamvulumvulu anadutsa pakati pa dimba, phokoso lake ngati mvula yoyamba pa masamba ouma, ndipo atapita ndinaona njere zili bii m'ming'alu ya nthaka. Pamanda sindinalire ine, anthu anadabwa. Ndinalira pamenepo.

Ndi mmene anandipezera a Laurinda. Iwo ndi mdzukulu wathu, a kutsidya kwa mtsinje. Mtundu wawo umatiikira maliro athu, ife timaika awo, kuyambira makolo. Mdzukulu pamaliro sachita manyazi. Amanyoza, amaseka, amagwira chimene wafuna, palibe womuletsa. Pa maliro a akazi anga a Laurinda anavala mpango wa malemu, n'kumayenda atagwira m'chiuno monga ankayendera, kumakalipira anthu kuti akuwononga nkhuni. Azimayi ankaseka misozi ikutsika. Nkhuku yathu yoyera anapita nayo.

"Nkhalamba iwe," anatero ataima ndi mtolo wa nkhuni pamutu, "mkazi tinakukwiririra uko, iwe ukudzalira repu kuno?"

"Si repu."

"Ndikudziwa. Ndinkamuona mkazi wako akumulera ngati mwana wa pulufesoli. Ndiye wakhaliranji osadula?"

Ndinawafotokozera zonse, za Natércia, za a Vasco, za galafa. Anatula mtolo. Anayang'ana dimba kuchokera uku mpaka uko, njiwa zikuuluka n'kuteranso.

"Unakalamba ndi mutu womwe. Nkhuku yako ndinatenga, unandiletsa?"

"Ayi."

"Mbuzi tinapha ija, Vasco anatsegula pakamwa?"

"Za adzukulu sitiletsa."

"Manja awa ndi amene anamusambitsa mkazi wako. Maliro anu satigwira ife. Dimba ili ndalanda, si lakonso. Choka, ukundipondera munda."

Anapita molunjika kwa a Vasco, ine ndikutsatira pambuyo.

"Vasco, ndabwera kudzakuuza kuti ndaba. Dimba la mlongo wako ndi langa, ndi zonse zili momwemo."

A Vasco anawayang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Chimene walanda mdzukulu n'chake," anatero. "Ine sindinaone kanthu. Koma alamuwa asagwire."

"Ndani akufuna manja a nkhalamba?"

A Laurinda akutembenuka, a Vasco anawonjezera motsitsa mawu. "Lona ili kuseri kwa nkhokwe. Nayonso mube."

Cholakwika chinachitika masana omwewo. Ine ndinkayesa apita kwawo kukakonzekera za mawa. Ndinangomva kwa akazi a a Vasco kuti adzukulu ali kale ku dimba. A Laurinda anaitana azibale awo, a Emília ndi a Amélia, n'kulowa ndi zikwakwa dzuwa lili pamutu. Anthu ozolowera kumweta udzu wofolera ndi kuzula soya. Pamene ndinkafika ndi miyendo yangayi anali atamweta timinda ta kumunsi, amanga mitolo ndi luzi, akoka zolimba. A Amélia anali atasenza kale mtolo, akugwedezeka nawo njira ya kumudzi, njere zikutsika pamapewa pawo ngati mchenga.

"Taimani," ndinatero. "Tulani pang'onopang'ono. Tatsegulani kakoko kamodzi."

A Amélia anatula, anafunafuna mumtolomo. Makoko onse anali opanda kanthu. Anacheukira njira imene anadzera, anadzipukuta pakhosi, anayang'ana padzanja.

"Aa," anatero a Laurinda. Nthabwala zinawathera.

Sindikudziwa kuti mawuwo ndinawatenga kuti. Zaka zonsezi ine ndinali wonyamula, monga ankanenera malemu. Koma ndinayamba kulankhula ndipo ankangotuluka motsatana. Sadulidwa masana. Mubwere mame asanaume, makoko akadali ofewa. Musamwete ngati udzu, gwirani mtengo umodzi, muuweramitse pa nsalu, mudule pansi. Osamanga mtolo. Osapita naye kumudzi, aumire pompano pa lona. Yomangidwa nsanza iikidwe payokha.

A Laurinda anandiyang'anitsitsa.

"Tamverani anzanga. Malemu alowa mwa mwamuna wawo. Ndi mawu omwe. Wangotsala kugwira m'chiuno."

Ndinadziyang'ana. Dzanja linali kale m'chiuno.

M'mawa mwake anabwera kusanatenthe, udzu uli chinyowere. Lona inali imodzi, yobooka pakati, ija sindinasoke. A Emília anatseka bowolo ndi mpango wawo. Kenako onse anavula makapulana a pamwamba n'kumayala pansi pa mitengo. A Emília ankaweramitsa, a Laurinda ankadula, a Amélia ankagwira nsaluyo m'mangodya n'kupita nayo pa lona mwapang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Ine m'mphepete, manja kumbuyo, kumangoloza ndi chibwano.

"Uwo uli ndi nsanza yofiira. Uwonso kuseri kwanu."

"Tauona, kapitawo."

Nsanzazo zinali za kapulana imene ndinawagulira amake Natércia ku Vila chaka chimene Natércia anamaliza shikola. Mfundo zake zinali zawo, zomanga mobwereza. A Laurinda ankamasula iliyonse n'kuiika pachifuwa. Dzuwa litakwera ndinati basi, ndipo analeka osatsutsa. Anabweranso m'mawa wina mpaka anamaliza.

Ataumitsa anapuntha ndi timitengo tofewa, anapeta m'lichero. Wa mafuta anatuluka wochepa, saku sinafike ndi pakati pomwe. Chaka chimene anakula bwino kuposa zonse, wambiri anadyedwa ndi njiwa ndi nthaka. Njere za mitengo ya nsanza anaziika pazokha. A Laurinda anabwera kunyumba, anakwera pa mpando womwe uja, anatsitsa galafa n'kuipanira m'khwapa.

"Ukaifuna udzaombole," anatero, n'kupita nayo kutsidya.

Natércia anafika bala litapola, wowonda, khanda kumsana. Anapita kumanda ndi amalume ake, anakhalitsa kumeneko. Mawa lake tinameta. Lumo likudutsa pamutu panga ndinkangoyang'ana manja anga pamaondo. Titasamba, a Laurinda anatulukira atagwira galafa pakhosi. Njere zinalekera pansi pa theka. Anaiimika patsogolo panga.

"Ombola."

"Nkhuku munamaliza. Nkhumba ndi ya Natércia."

"Nkhumba yako ndiichite nayo chiyani? Undithirire m'dzanja muno. Ndipo tsiku lobzala ubwere kutsidya, udzaime m'mphepete ndi chibwano chakocho."

Natércia anali atamva kale zonse kwa amalume ake. Anandigwira mkono.

"Ababa, ndi yochepa kale."

"Ndi yochepa," ndinatero. "N'chifukwa chake. Amako ankaiika malo atatu, komabe inatsala pang'ono kuthera pamodzi. Ikhalenso ndi kutsidya."

Ndinatsegula. Aka kanali koyamba kuigwira mbewuyo chimwalirire iwo. Inali yozizira. Ndinathira m'dzanja la a Laurinda mpaka anati basi. Anatulutsa nsanza zofiira zija pachifuwa, anamangira njerezo m'kamodzi, zotsalazo anaziika pabondo panga.

Mvula yoyamba itagwa, njere zonse zija zinatayika zinamera. Dimba linachita biriwiri, ndi njira ya kumudzi yomwe, mzere umene anadzera a Amélia. Koma si nyengo yake. Madzi akadzadza dimba avunda yense asanachite duwa, sangatipatse ndi njere imodzi yomwe. Akazi a a Vasco anabwera kudzandifunsa mwamanyazi ngati angathyoleko, poti njala ya chaka chino si yamasewera. Ndinati thyolani, muuzenso ena. Anandibweretsera m'mbale, othira matimati ndi timafuta ta m'saku ija. Ndinakhala nayo mbaleyo pamiyendo mpaka inazizira. Kenako ndinadya. Tekiniku uja sananame.

Dzulo ndinapita ku chitsime kukaona mwala. Madzi afika pakati pake, sanaumize, sanausiyenso poyera. Ndinaima pamenepo ndithu, ngati wina anena chochita. Kenako ndinabwerera kunyumba. Ndinathira pang'ono ya kumtunda, pang'ono ya ku dimba. Yotsalayo ndinaisiya m'galafa, ndinamanga kansanza kofiira pakhosi pake, n'kukwera pa mpando.